Jekete la Kopolo Bakari

Malenga Chanzi, Nkhotakota
12 Meyi 2024

Kwa Zahra mdzukulu wanga,

Zaidi Kalilu ndi wakuba. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti cholembera chikathera panjira, nkhani yeniyeni ikhale itafika kale. Tsopano moni. Asalamu alaikumu, mkazi wanga wamng'ono. Amayi ako a Madina ali bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti maondo akana ntchito. Mpunga chaka chino mbalame zadya mbali yawo, ine ndatsala ndi yanga.

Tedson wa lole ya mpunga wandipatsa kalata yako. Ukuti ndigule foni. Sindigula. Mawu a pafoni amauluka, mawa munthu n'kukana kuti sananene. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma chimene ndalemba chimakhala pomwepo.

Ukuti kwanuko ku Zomba mwamanga holo ya dera, ndipo komiti yasankha iwe kuti usonkhanitse mbiri yoti ilembedwe pakhoma. Wachita bwino kufunsa ine, chifukwa otsala kumeneko ndi abodza kapena ana a abodza. Khala pansi umve.

Choyamba, dera limenelo dzina lake si Kwa Meja. Dzina lake ndi Malaini. Nkhondo ya ku Bama itatha, asilikali a Keyala anawatsitsa ku Zomba n'kuwauza kuti zikomo, kazipitani kwanu. Ambiri anapita. Ena anaima pamsewu n'kuyamba kuganiza. Wina anali atamva kuti mkazi wake anakwatiwa kalekale. Wina munda wake unalowa abale. Wina anangoti kumudzi akandifunsa zimene ndinaona, ndipo ine sindifuna kuzinena. Bambo anga, Kopolo Bakari, a kuno ku Kotakota, anali m'gulu limeneli. Munali Ayao, Alomwe, Atonga awiri, ndi Mngoni mmodzi amene sankagwirizana ndi munthu aliyense.

Anapeza malo amiyala m'mbali mwa kamtsinje, oti ngakhale mbuzi zinkawanyoza. Bambo anga ndi amene anakhoma chikhomo choyamba n'kukoka chingwe, chifukwa anthu amenewo sankadziwa kumanga mokhota. Nyumba pamzere, zimbudzi pamzere kuseri, miyala ya m'mbali mwa njira yopaka njereza. Ngakhale mapapaya anabzalidwa pamzere. Akazi anakawapeza m'midzi yozungulira, ena ku msika, ndipo mkazi aliyense watsopano ankayamba walira poona kuti mwamuna wake akuyendera mbale ngati zatsukidwa bwino. M'mawa ankamenya chitsulo cha njanji chopachika pamtengo wa mango, akazi n'kumatukwana kuti nkhondo inatha, tisiyeni tigone. Chitsulo chomwecho Lachisanu chinkaitana ife ku mzikiti, Lamlungu chinkaitana Atonga ndi Mngoni uja ku tchalitchi chawo cha udzu. Nyumba imene ukugonamo iweyo ndi yachiwiri pamzere woyamba. Ine ndinabadwira momwemo.

Nanga Kalilu, bambo ake a Zaidi? Anali dobi. Ankachapa ndi kusita zovala za asilikali kukampu, ndipo anzakewo atayamba kumanga, iye anabwera m'mbuyo atasenza simbi yake ya makala. Mfuti sanaigwirepo. Ku Bama sanapondeko. Madzi aakulu amene anawolokapo ndi a m'beseni.

Bambo anga anamwalira mu 1971. Chimene anandisiyira ndi jekete lawo la kunkhondo, lakhaki, ndi mamendulo ake atatu. Titatha sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, Zaidi anabwera kunyumba, nkhope ngati ya mphaka wonyowa, n'kunena kuti, "Abdu, tibwereke jekete la malemu madzulo a lero okha, tiwavinire beni yotsanzikana." Ine ndinapereka. Madzulo akewo sanathe mpaka lero. Jeketelo anaveka bambo ake n'kupita nawo ku situdiyo kukajambulitsa. Nditapita kukalitenga anati ndi la bwalo la beni. Ndinamumenya ndi mpini wa khasu, akuluakulu anapeza wolakwa ndine, ndipo ndinapinda mphasa yanga kubwera kuno kwa makolo. Bambo ako, malemu Ibrahimu, ndi amene anabwerera kumeneko atakula, ine ndikuletsa.

Lemba zimenezo pakhoma. Malo akachepa, lemba chiganizo choyamba chija chokha.

Ndine agogo ako, mwamuna wako wakale,
Abdulwahab Bakari


Kwa Meja, Zomba
26 Meyi 2024

Agogo anga okondedwa,

Wa alaikumu salamu. Ife kuno tili bwino. Amayi akupereka moni, ndipo akuti mpunga watsopano usathere mbalame zokha, ifenso tili ndi pakamwa.

Mwaona pamwambapo ndalemba Kwa Meja. Musakwiye, ndi mmene amakuwira ngakhale makondakitala a minibasi. Mutabwera lero mukhoza kusochera. Mzere woyamba wokha ndi umene ukadali mzere. Kwinako anthu anamanga nyumba za lendi paliponse, kanjira kolowera kwathu mpaka munthu uyende cham'mbali. Chitsulo cha njanji chilipo, koma amamenya pakakhala maliro basi.

Kalata yanu ndinaiwerenga ku komiti. Chiganizo choyamba ndinachidumpha. Anthu anaomba m'manja pa nkhani ya mapapaya, ndipo amayi ena anati apongozi awo ankayenderadi mbale mpaka tsiku lomwalira. Koma a tcheyamani, a Paison, anati mbiri imene aliyense amaidziwa ndi yoti dera lino anayambitsa ndi Meja Kalilu, msilikali wamkulu amene anatsogolera anzake kuchokera ku Bama. Ana a sukulu amaimba choncho. Anabweretsa ndi chithunzi chomwe: a Kalilu ataima nganganga, mamendulo pachifuwa, ndodo kukhwapa. Agogo, kunena zoona amaoneka ngati Meja. A Paison anafunsa kuti nanga chithunzi cha bambo anu chili kuti.

Ndiye komiti yagwirizana kuti chithunzi chimenecho chijambulidwe pakhoma, kuyambira pansi mpaka kudenga, mbiri ilembedwe m'mbali mwake. Wojambula wake ndi Fahad, amene amalemba zikwangwani za masitolo ku msika. Ndi munthu waulemu, sasuta, amaswali, ndipo dzanja lake ndi labwino kwambiri. Mukanamukonda. Wavomera kudikira kaye mpaka ine nditamaliza kufufuza.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi: ngati a Kalilu anali dobi, anthu anayamba bwanji kuwatchula Meja, asilikali enieni ali moyo, akumva?

Kwa a Zaidi ndimapitako kawirikawiri masiku ano, pa nkhani ya mbiri yomweyi. Akalamba, mano atsala ochepa, koma kuseka sanasiye. Amakufunsani. Akuti, "Kodi Abdu akadali wokwiya? Uja anabadwa atakunga chibakera, azamba anachita kuthawa." Agogo, zaka zonsezi mtima sunaphweko ngakhale pang'ono? Ndikungofunsa.

Mkazi wanu wosamva,
Zahra


Malenga Chanzi, Nkhotakota
9 Juni 2024

Zahra,

Moni kwa iwe ndi amayi ako. Mtima wanga uli bwinobwino, suphwa ngati matayala a Tedson.

Funso lako ndi lanzeru, watengera ine. Anthu aja atamaliza kumanga anasowa chochita Loweruka masana, ndiye anayambitsa beni. Iwe umadziwa beni ya masiku ano, ya paukwati ndi pamisonkhano. Yakale inali perete yeniyeni: ng'oma, wezulo, mizere, maudindo. Tsiku loyamba lomwelo kunabuka ndewu. Amene anali sajeni kunkhondo anafuna kulamula. Mngoni uja anati, "Usajeni wako unatsala m'sitima. Kuno ukandikuwira ndikuthyola." Anakokanakokana mpaka ng'oma inang'ambika. Pamenepo bambo anga anaweruza kuti pabwalo la beni aliyense amene anagwirapo mfuti akhale msilikali wamba, udindo upite kwa munthu amene sananunkhizepo wonga. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona Kalilu akuthira makala m'simbi. Anamupatsa wezulo.

Ndisaname, munthuyo ankatha. Zaka zonse zochapa kabudula wa Meja wachizungu, anamuloweza yense. Ankaika pilo m'malaya kuti mimba ituluke, ndevu za khonje pamlomo, n'kumayenda ngati bakha, akukuwa Chingerezi choti ngakhale Mngerezi sakanamva. Ankaima pamaso pa bambo anga n'kumawakalipira kuti batani lasowa, nsapato sizikuwala, msilikali wamtundu wanji iwe, bambo anga ali njo, misozi ya kuseka ikutsika. Amuna oti ankalira kutulo, Loweruka ankagwa pansi ndi phwete. Anthu a m'tauni anayamba kubwera kudzaonera, akumati tiyeni kwa Meja. Asilikali sankawakonza, chifukwa nthabwala inali yawo ndipo aliyense ankaidziwa. Kenako anayamba kufa mmodzimmodzi. Odziwa poseka anatha, kunatsala dzina ndi chithunzi. A Paison ako anabwera mochedwa, anapeza anthu atasiya kuseka, n'kuyamba kuchitira sawasha pilo.

Tsopano ntchito. Wachenjera polowa m'nyumba ya Zaidi, ndakunyadira. Msilikali amayamba wazonda. Ndatuma Tedson ndi thumba la mpunga wa kilombero ndi mpasa zowamba. Amayi ako asakhudze, awo abwera ulendo wina. Upite nazo kwa Zaidi ngati mphatso yochokera kwa iwe, dzina langa lisamveke. Munthu uja ndi wadyera, akanunkhiza mpunga adzakulowetsa mpaka kuchipinda. Uone pamene amasunga jekete. Yamba pansi pa bedi, bambo ake ankabisa sopo pamenepo. Ukalipeza ulivale mkati, pamwamba uvale zako zazitali zija ndi hijabu. Juni ku Zomba kumazizira, palibe amene adzadabwe kuti wanenepa. Jekete likachoka, chithunzi chija chitsala chopanda mboni.

Fahad wakoyo umuuze asunge penti yake.

Agogo ako,
Abdulwahab Bakari


Kwa Meja, Zomba
10 Juni 2024

Agogo,

Asalamu alaikumu. Kalata iyi ndikulemba ndisanalandire yankho lanu, chifukwa ndikadikira ndichita mantha n'kusiya.

Fahad uja ndinakuuzani akufuna kundikwatira, ndipo inenso ndikumufuna. Pali chimodzi chimene sindinanene. Ndi mdzukulu wa a Zaidi, mwana wa mwana wawo wamkazi, a Aziza. Pumani kaye, mumwe madzi, kenako mupitirize.

Akwawo anabwera kwa amayi Lachisanu titatuluka ku mzikiti. Amalume avomera mbali yawo. Koma a shehe akuti poti bambo anamwalira, waliyi wanga, wondipereka pa nika, mwambo womanga ukwati, ndi inu, ndipo popanda mawu anu iwo samangitsa ukwati.

Amayi akuti amakudziwani, mawu oti inde amakukanirani pakhosi. Ndiye anena pamaso pa onse kuti mukakana mungokhala chete, tidzamva. Mukavomera mutumize kanthu kalikonse kwa a Zaidi, ngakhale kambale ka mpunga.

Tedson ali kwanuko, ndiye kalatayi ndapatsa mnzake wa lole ina amene akunyamuka mawa. Agogo, Fahad mu 1971 kunalibe.

Mdzukulu wanu,
Zahra


Kwa Meja (kapena Malaini, usadwale nazo), Zomba
23 Juni 2024

Abdu mbale wanga,

Asalamu alaikumu. Ukudabwa? Inenso ndinadabwa. Tedson anaimitsa lole pakhomo panga n'kukuwa msewu wonse ukumva, "Katundu wa a Zaidi, kuchokera kwa a Abdulwahab ku Nkhotakota!" Akuti unamuuza kuti thumbalo likathera kwanga, ndiye anaona kuti n'kuzunza mwana wamkazi kumusenzetsa. A Madina anathamanga opanda nsapato akululutira. Ankati, "Tinapempha kambale, atumiza thumba!" Mwana wanga Aziza analira. Mpunga tinaphika tsiku lomwelo, mzere woyamba wonse unadya, a shehe anamaliza mpasa yathunthu n'kukupempherera duwa yaitali yoti sunapemphereredwepo chibadwire.

Ine ndinadya mwakachetechete, chifukwa ndimakudziwa. Munthu amene anandithyola nthiti ndi mpini satumiza mpasa chifukwa cha chikondi. Ndinayamba ndapatsako mphaka. Mphaka ali moyo. Kenako ndinaona Zahra akuwerenga kalata imene Tedson anamupatsa, nkhope ikusinthasintha ngati bilimankhwe, n'kuipinda msangamsanga. Ndinangolowa kuchipinda kukasuntha jekete pansi pa bedi n'kuliika pena.

Koma zadyedwa, Abdu. Mpunga ukalowa m'mimba subwerera m'thumba. Dera lonse likudziwa kuti wavomera, ndipo amayi ayamba kale kukangana za mtundu wa nsalu.

Tsopano za jekete, poti ndikudziwa kuti ndi zimene ukufuna kumva. Iwe umati ndinaba. Ine ndikufunse: bambo ako unawaonapo atalivala chibwerere ku Bama? Linkakhala m'bokosi sabata yonse. Ankalitulutsa Loweruka lokha, n'kupatsa bambo anga akuti, "Vala iwe Kalilu, pa iwe limaseketsa." Lamlungu bambo anga ankalichapa, kulisita, kulibweza. Iwe unali pomwepo, mamina ali mbwee, ukunyamula ndodo ya Meja. Ndiye bambo ako atamwalira tinaona kuti iwe ukalitsekera m'bokosi, njenjete zichite nalo phwando. Tinalisunga pabwalo. Lavina maukwati osawerengeka, laperekeza asilikali onse a Malaini mpaka womaliza, Mngoni uja, amene anafa akukanabe kuti sakudwala. Ndalisamala kuposa mmene ndinasamalira mano anga.

Za umeja wa bambo anga, ine sindinauzepo munthu kuti anapita kunkhondo. Anthu ankanena okha. Kungoti sindinkawatsutsa, chifukwa kutsutsa alendo ndi mwano.

Bwera ku ukwati. Mpini usiye.

Mnzako kuyambira ku madarasa,
Zaidi Kalilu


Malenga Chanzi, Nkhotakota
7 Julayi 2024

Zahra,

Moni ulipo koma wochepa.

Kalata yako ya pa 10 Juni yafika dzulo, pamodzi ndi ya wakuba uja. Nthawi yonseyi inali pa Benga, m'lole yothyoka chitsulo, dalaivala akudya chiwaya podikira sipeya. Ndinayamba kuwerenga ya Zaidi, ndinkaganiza kuti wapenga. Nditawerenga yako ndinaona kuti wopenga ndine.

Ndinakutuma kukatenga jekete, iwe wakatenga mdzukulu. Munthu waulemu, sasuta, amaswali! Ine n'kumati mwanayu akundiuza za penti. Zaidi anayamba ndi jekete la bambo anga. Lero wadya mpunga wanga, wadya mpasa zanga, watenga ndi mkazi wanga wamng'ono yemwe. Chatsala n'chiyani, maondo?

Uwauze a shehe kuti thumba silivomera ukwati. Wovomera ndine, ndipo sindinatsegule pakamwa. Duwa yawo ndalandira, siibwezedwa. Tedson ndamuuza kale mawu ake, sangalembedwe papepala.

Abdulwahab Bakari


Kwa Meja, Zomba
21 Julayi 2024

Agogo anga,

Asalamu alaikumu, ngakhale inu mwandichepetsera. Kalata yanu inandiliza, kenako inandiseketsa, kenako amayi anandikalipira chifukwa choseka. Ndinalakwa kubisa za Fahad. Koma inunso munafuna kundisandutsa mbala yovala hijabu, ndiye tafanana.

A shehe ndawauza. Akuti zoona, adikira mawu anu, koma mpasa sangabweze. Abale ena a Fahad ayamba kunena kuti njira zilipo, waliyi akhoza kupezeka wina. Ine ndakana. Bambo kulibe, wondipereka ndi inu. Mukapanda kuvomera sindikwatiwa. Koma dziwani kuti ndidzabwera kudzakhala kwanuko, ndizidzakuphikirani phala lopanda mchere mpaka mutasintha maganizo.

Nkhani ya beni ndinaifotokoza ku komiti. Ena anaseka, ena anakwiya. A Paison akuti sangauze ana a sukulu kuti dera lawo linatenga dzina la munthu wa pilo m'mimba. Akutinso mawu a nkhalamba imodzi ya ku Nkhotakota sangagwetse chithunzi, pokhapokha a Zaidi atanena okha. A Zaidi akafunsidwa amayamba kutsokomola. Khoma likadali loyera. Fahad akuti ajambula chimene agogo awiri agwirizane, apo ayi ajambula nkhuku.

Jekete ndaliona. A Zaidi anandiitana okha, akuti, "Bwera kuno kazitape, usathyoke msana pansi pa bedi." Agogo, khalani pansi. Nsalu yake ndi yomwe ija, yolimba, yosita bwino. Mamendulo atatu a bambo anu alipo, amawapukuta ndi phulusa ndi ndimu. Koma aliyense amene anakhalapo Meja wa beni anawonjezerapo kake. Pamapewa pali mphonje zachikasu za katani. Pachifuwa pali timagalasi, zitsekerero za mabotolo zosulidwa bwino, ndi mendulo ya mpikisano wa mpira wa amayi. Pamkono pali mizere isanu. Iwiri ndi yakale, yotuwa. Itatu ndi ya riboni yofiira. A Zaidi akuti anasoka okha, umodziumodzi, chifukwa munthu sangakhale kopolo zaka zonsezi osakwezedwa.

Akuti ngati mukulifuna alipereka kwa Tedson ulendo wotsatira, libwere ku Nkhotakota, nkhani ithe. Ananena akuseka. Koma atalipinda anakhala nalo pamiyendo nthawi yaitali, mpaka a Aziza anachita kuwalanda.

Nenani chimene mukufuna, agogo. Ine ndikudikira.

Mkazi wanu, mpaka mutandipereka nokha,
Zahra


Malenga Chanzi, Nkhotakota
4 Ogasiti 2024

Zaidi,

Wa alaikumu salamu, poti salamu ndi ya Mulungu, si yako. Mphaka wako umupatse moni. Kwanuko ndi yekhayo amene anadya mpasa zanga mosalakwa.

Ndamva kuti ukufuna kunditumizira jekete. Usayerekeze. Ndilitani? Ine ndikupita mu sanda yoyera yopanda matumba, ngati bambo anga, ngati bambo ako. Ndiponso ukapatsa Tedson likathera kwa munthu wina ku Salima, azilivala pokagulitsa mbuzi. Komanso ndakuona. Ukufuna lichoke mwakachetechete, chithunzi chikwere pakhoma, iwe utsale mwana wa Meja, ine nditsale nkhalamba yosunga katani m'bokosi.

Ukufunsa ngati ndinawaonapo bambo atalivala. Funso limenelo sindiyankha, iwe si woweruza. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Mizere iwiri ija sanatole panjira. Wachiwiri anapatsidwa atabereka mnzake wovulala m'matope a ku Bama. Munthuyo anafera pamsana pomwepo, iwo osadziwa, akumuuzabe kuti limba tafika. Anandiuza kamodzi kokha. Pamene bambo ako ankavala jekete, mizere inali iwiri, ndipo aliyense pabwalo ankadziwa kuti mwini wake ndi uyo waima apoyo akuseka. Iwe wasokapo riboni.

A dokotala ku boma akuti mtima wanga ukugunda ngati ng'oma ya woledzera, ndiye ndisazengereze. Mdzukulu wako si mlandu wake kuti anatuluka mwa iwe, ndipo phala lopanda mchere sindilifuna. Ndibwera. Ndidzakhala pamphasa pamaso pa a shehe, ndipo mawu a waliyi ndidzanena. Dzina la dera musinthe musasinthe, makondakitala sangamvere ine. Pakhoma ajambule bambo ako ngati akufuna, bola asaiwale pilo.

Koma ndisanatsegule pakamwa, ndikufuna chinthu chimodzi. Tsiku la ukwati beni iyambe, nika ibwere pambuyo. Pabwalo pakhale ana a sukulu aja oimba, pakhale a Paison pampando wakutsogolo. Iwe uvale jekete, uime njo. Wezulo ndiimba ine. Ndikaimba, uvule, ukhale pansi, utenge lezala. Uyambe ndi katani. Kenako magalasi, zitsekerero, mendulo ya mpira, umalize ndi mariboni ako atatu. Chimodzichimodzi, ndi manja ako, wina asakuthandize. Chilichonse chimene wachotsa uchikweze m'mwamba n'kunena mokweza kuti, "Ichi si cha Kopolo Bakari." Chifuwa chisakugwire tsiku limenelo, uchi ndibweretsa. Zikatsala zimene sungazinenere mawu amenewo, uimirire, uwauze anthu mwini wake anali ndani ndipo anachita chiyani pa Malaini. Ukatero jekete libwerere pabwalo, lizivina mmene limavinira.

Ndi chokhacho. Ndatsala pang'ono kukaonana ndi bambo anga, ndipo munthu uja sankalola chinyengo pa perete. Sindikufuna akandifunse za kuno, ine n'kuwauza kuti mwana wa dobi anawakweza udindo.

Abdulwahab Bakari